Kalata ya Che Jafali

Tiyanjane ndi Limbani, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene sindipondera ku Lirangwe, chikhalirecho anthu amati makompyuta a mu laibulale ya kumeneko anabwera chifukwa cha ine. Pakamwa ndalephera kukuyankhani. Ndalemba pano kuti mudzadziwe kuti bambo wanu anali munthu wotani pa ntchito, ndiponso mmene Mulungu anandilezera mtima.

Chaka cha chisankho choyamba cha matipate

Ntchito ya laibulale ndinaiyamba ku Blantyre chaka chimene dziko linasankha boma la zipani zambiri. Ndinalowa ngati wopukuta fumbi ndi wobwezera mabuku m'mashelefu. Bwana wanga woyamba anali a Mlenga, munthu wamfupi, wosaseka, woyenda ndi rula m'thumba la jekete. Buku likatuluka pang'ono pamzere ankangoligogoda ndi rulayo osanena kanthu, ndipo iwe unkadziwa kuti walakwa. Ndiwo anandiphunzitsa kusoka buku long'ambika ndi ulusi wa nsapato, ndi kuphika ufa wa chinangwa kuti ukhale guluu, pakuti guluu weniweni ankatha chaka chisanafike pakati. Masiku amenewo nyuzipepala zinachuluka mwadzidzidzi, iliyonse ikunyoza inzake. Tsiku lina ndinabisa imodzi pansi pa tebulo chifukwa inali ndi mawu olaula. A Mlenga anaitulutsa, naiyala pamwamba pa zinzake. "A Kalimbuka," anatero, "ife sitilemba zimene anthu amawerenga. Timangowapatsa monga zilili." Ndinavomera ndi mutu, ndikuganiza kuti ndamva.

Inu ndi mayi anu munali kuno ku Chileka, m'nyumba yomwe ino. Mayi anu ankagulitsa nthochi ndi mandasi kwa anthu ogwira ntchito ku bwalo la ndege. Ine ndinkanyamuka m'mamawa pa minibasi ndi kubwera dzuwa litalowa, ndipo zaka zimenezo ndi zimene ndimaziwerenga kuti zinali zokoma.

Chaka cha njala, ku Lirangwe

Chaka cha njala yaikulu ija Ambuye anatenga mayi anu. Mukudziwa zimenezo, sindizibwereza. Miyezi itatu isanathe anandisamutsira ku Lirangwe kuti ndikatsegule kalaibulale katsopano. Inu munapita kwa azakhali anu ku Chilomoni chifukwa cha sukulu, ine ndinatseka nyumba ino n'kukakhala m'kachipinda kuseri kwa telala wina, a Matiki.

Laibulaleyo inali chipinda chimodzi chimene kale chinali golosale. Magetsi munalibe. Mabuku anali opatsidwa ndi anthu akunja, ambiri onena za malamulo a maiko ena ndi ulimi wa zipatso zimene kuno sizimera. Nyuzipepala inkabwera ndi kondakitala wa minibasi patatha masiku atatu, nthawi zina atakulungiramo kale chinangwa. Sabata yathunthu inkatha buku limodzi lokha litabwerekedwa. Ndinkakhala pa tebulo kumvera malole akudutsa pa msewu, ndi kumafunsa Mulungu kuti wandiponyeranji m'chipululu chotere.

Ntchito yeniyeni inandipeza yokha. Amuna ambiri a m'midzi ya Chigaru anali atapita ku Joni, ndipo makalata awo ankafikira kwa makolo ndi akazi osadziwa kuwerenga. Mayi wina anabwera ndi envulopu atabisa m'chitenje, nati, "Akuti inu mumasunga pakamwa." Ndinamuwerengera, ndinamulembera yankho. Sabata yotsatira anabwera atatu. Ndinakhoma benchi pakhonde, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa linafa. Aliyense ankangoti a Laibulale.

Pa benchi limenelo ndi pamene ndinadziwana ndi Che Jafali. Anali mkulu wogulitsa mchere, sopo ndi nsalu pa sitolo yake pafupi ndi msika, wovala mkanjo woyera ndi kofiya. Chiarabu cha mapemphero ankachiwerenga bwino, koma zilembo za ku sukulu sanaziphunzire, ndipo ankachita manyazi kuti a m'nyumba mwake adziwe kukula kwa vutolo. Lachisanu lililonse akatuluka mu mzikiti ankabwera ndi fulasiki ya tiyi ndi mbatata yophika. Makapu ake awiri a chitsulo anawasiya kwa ine kuti asamavutike kunyamula.

"A Laibulale," ankatero akuthira tiyi, "inu Mulungu mumamuyendera Lamulungu lokha, ngati wodwala wa m'chipatala. Ine kasanu pa tsiku."

"Wogogoda kasanu ndiye kuti koyamba sanamutsegulire," ndinkayankha.

Ankaseka mpaka kutsokomola. Ana anga, m'zaka zonse zimene ndinakhala ku Lirangwe, munthu amene anandifunsapo ngati ndadya anali yekhayu. Ku tchalitchi ankandilemekeza ngati mkulu wa mpingo, koma ulemu sucheza ndi munthu. Mapemphero akatha aliyense ankapita kwa banja lake, ine n'kubwerera kuseri kwa telala, kumene ngakhale makina osokera sankalira tsiku limenelo.

Zaka zisanu ndi chimodzi za Lachisanu

Che Jafali anali ndi mwana wamwamuna, Saidi, amene anapita ku Joni mayi ake atangomwalira, osatsanzika. Dalaivala wina wa lole anabwera ndi keyala ya sitolo imene Saidiyo ankagwirako ntchito. Tinamulembera. Mkuluyo ananena za mvula, za chimanga ndi za mbuzi imene inaswa mapasa. Patatha miyezi iwiri yankho linabwera.

Chizolowezi changa chinali kuyamba ndayendetsa maso pa kalata ndisanatsegule pakamwa. Ya Saidi inali ya masamba awiri. Inanena kuti asamulemberenso za mbuzi. Inanena kuti bambo ake anabweza mayi ake kumudzi ku Chigaru akudwala, n'kukwatira wina, ndipo mayiwo anafa akuitana dzina la mwamuna wawo, mwamunayo ali pa sitolo akuyeza mchere. Pomaliza inati, "Tsiku limene mudzanene nokha kuti munalakwa ndidzabwera. Mukapanda kunena, ine bambo ndilibe."

Nditakweza maso ndinaona mkuluyo atagwira kapu ndi manja awiri, akudikira mawu a mwana wake ndi chimwemwe. Ine ndinali munthu woti waika mkazi m'manda posachedwa, wodziwa kuwawa kwa nyumba yopanda mawu. Lilime langa linayenda lokha. "Bambo, ndili moyo. Ntchito kuno ndi yolimba, mpata wolemba sindipeza. Muzindipempherera. Tsiku lina ndidzabwera. Ndine mwana wanu Saidi."

"Masamba awiri onsewa, mawu ochepa chonchi?" anafunsa.

"Amalemba zilembo zikuluzikulu," ndinatero.

Anaipinda bwinobwino, naiika m'thumba la pachifuwa. Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma Lachisanu lotsatira anaitulutsanso. "Tandiwerengereninso, ndimumve mwanayu." Ndinatuluka thukuta kukumbukira zimene ndinanena. Nditasemphanitsa mawu awiri anandikonza: "Sabata yatha anayamba ndi ntchito, kenako mapemphero." Madzulo ake ndinalemba bodza langalo mkati mwa chikuto cha buku langa la nyimbo za ku tchalitchi, kuti ndililoweze lisamasinthe. Taganizani, ana anga. Buku lomwelo ndinkaimbira Ambuye Lamulungu.

Zinatero zaka zisanu ndi chimodzi. Lachisanu lililonse ndinkagwira pepala lonena zina, pakamwa pakutuluka zina. Mwezi uliwonse tinkalembera Saidi za mbuzi ndi chimanga, zomwe zija anakana, ndipo yankho silinabwerenso. Mafoni a m'manja atafika anthu a makalata anayamba kuchepa, koma Saidi nambala sanatumize, ndipo anzake obwera ku tchuthi ankati anasamukira kutali, sacheza ndi a kwawo. Mkuluyo ankamuikira kumbuyo. "Ndi manyazi a umphawi. Akapeza kanthu abwera. Ananena yekha."

Ndinkadziuza kuti ndi chifundo. Koma ndikaimirira kutsogolo kwa mpingo kuwerenga Malemba, mawu onena za mboni yonama ankandiyang'ana ngati munthu. Pa Mgonero mkate unkandikakamira pakhosi. Ndinapempha Mulungu kambirimbiri kuti andichotsere katunduyu, koma pansi pa mtima ndinkapempha kuti amuchotse popanda ine kutaya tiyi wa Lachisanu. Choonadi chake n'chakuti sindinkateteza Che Jafali yekha. Ndinkaopa kutsala ndekha pa benchi.

Chaka cha fomu

Bwana wathu nthawi imeneyo anali Mayi Mbewe, mayi wachangu, wolankhula akuyenda. Anafika tsiku lina pa galimoto ya ofesi ndi fomu ya masamba ambiri ya m'Chingerezi. Anati bungwe lina la kunja likuitana malaibulale a m'maiko osauka kuti apemphe thandizo, koma osati la mabuku kapena lomangira nyumba. Linkafuna ntchito yatsopano yochitika ndi makompyuta, yothandiza anthu pa vuto limene ali nalo kale. Anzathu ena ankapempha zoti alimi azionera mitengo ya mbewu, ena zoti ana a sukulu azikonzekera mayeso.

"Inu musavutike kuganiza," anatero Mayi Mbewe. "Yanu ili pakhondepo. Tipemphe sola, makompyuta anayi ndi intaneti. Mayi azibwera kudzalankhula ndi mwamuna wake ku Joni akuonana nkhope. Amene anasowa tiziwafufuza kudzera m'magulu a Amalawi a kumeneko. Koma azunguwa safuna nkhani za m'mutu. Akufuna munthu mmodzi weniweni, adinde chala kuti wavomera, ndiponso chithunzi cha kalata yake. Mdala wanu wa Lachisanu uja ndiye woyenera. Zaka zonsezi ndi kalata imodzi! Akawerenga zimenezo alira."

Ndinangoti, "Ndamva, mayi."

"China ndikuuzirenitu, musadzati ndinakubisirani. Thandizoli likabwera pafunika munthu wa satifiketi ya kompyuta. Malo a anthu awiri pano palibe. Inu tidzakubwezerani kwanu ku Chileka, mukamalizire zaka zanu pafupi ndi nyumba."

Anandipatsa milungu inayi. Fomuyo ndinaiika m'kabati pansi pa nyuzipepala zakale, ndipo inakhala momwemo milungu itatu. Zifukwa ndinali nazo zokonzeka. Ndikanatha kunena kuti chiswe chadya, kapena kondakitala wataya. Ndinaganizanso zolemba munthu wina m'malo mwa Che Jafali, koma zimenezo sizikanandipulumutsa, pakuti makinawo akanangofika, woyamba kuima pakhomo kufuna mwana wake akanakhala iyeyo. Njira yokha yobisira tchimo langa inali yoti Lirangwe yense asalandire kanthu.

Sabata yachitatu kunabwera mtsikana wina wa ku Chigaru ndi mwana kumbuyo. Mwamuna wake anachoka iye ali ndi pakati. Anandipempha ndilembe kuti mwanayo wayamba kuyenda, kenako anati, "Mulembenso kuti akufanana nawo mphuno, poti sanamuonepo." Ndikulemba mawu amenewo, kabati ija inali kumbuyo kwanga. Ndinadziona ndili ngati wantchito uja wopatsidwa chuma cha mbuye wake n'kukachikwirira pansi chifukwa cha mantha. Ndinasala kudya masiku awiri. Sindinamve liwu lililonse lochokera kumwamba. Ndinangodziwa kuti Lachisanu likubwera.

Che Jafali anafika monga mwa masiku onse. Atathira tiyi anatulutsa kalata ija, itafewa ngati nsalu, m'mapindo muli selotepi.

"Che Jafali, ndisanawerenge ndili ndi mlandu kwa inu," ndinatero. "Zimene ndakhala ndikukuwerengerani si zimene zalembedwa apa. Ndinazipeka ndine."

Njinga inadutsa itanyamula matumba a makala. Che Jafali anaika kapu pansi.

"Werengani."

Ndinawerenga masamba onse awiri, liwu ndi liwu. Pofika pa mayi ake a Saidi mawu anga anagwa, koma iye anati, "Musadumphe." Nditamaliza anati ndibwereze, ndipo ndinabwereza.

"Zaka zingati, a Laibulale?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Mwana wanga wakhala akudikira liwu limodzi zaka zisanu ndi chimodzi, ine ndikumutumizira mbuzi."

"Ndinakumverani chisoni, akulu. Ndinaona mmene munasangalalira."

"Chisonicho chinali chanu. Kalatayi inali yanga." Sanakweze mawu. "Zimene akunenazi ndi zoona. Mayi ake ndinawalakwira, ndipo ndimadziwa. Ndikanamva tsiku lomwe lija, ndikanakwiya mwezi umodzi, mwina iwiri, kenako ndikanalemba. Inu mukuti ndili ndi zaka zingati zotsala zoti muzitengako?"

Ndinamuuza za fomu, za makompyuta, ndi kuti akufuna nkhani yake ndi chala chake, koma ali ndi ufulu wokana. Anafunsa ngati makinawo angapeze Saidi. Ndinati mwina. Anatambasula dzanja, ndinamupaka inki, nadinda. "Sindikudindira inu," anatero.

Kenako anati nditenge pepala. Kalata imene anandiuza inali yaifupi kuposa zonse: "Saidi, kalata yako ndaimva lero. Amayi ako ndinawalakwira. Ndinalakwa. Ndine bambo wako." Nditalemba ndinatenga envulopu kuti ndimate, koma anandilanda pepalalo. Anazungulira kuseri, ine ndikumuona, n'kukapatsa a Matiki atelala kuti amuwerengere ngati ndalemba zomwe ananena. Munthu amene anabisa kusawerenga kwake moyo wake wonse analolera kuti telala adziwe, kusiyana ndi kukhulupiriranso ine. Atabwerako ananyamula fulasiki yake n'kumapita. Makapu anawasiya.

Fomu ndinaidzaza masiku atatu, ndipo nkhani ya kalata ndinailemba monga inalili, ndi mbali yanga yomwe. Mayi Mbewe ataiwerenga anavula magalasi. "A Kalimbuka, izi zikanakuchotsetsani ntchito." Kenako anasayina.

Yankho linatenga miyezi isanu ndi iwiri. M'miyezi imeneyo Lachisanu lililonse ndinkatsuka makapu awiri ndi kuwaika pa benchi. Anthu akatuluka mu mzikiti ndinkamuona akudutsa tsidya lina la msewu. Ankakweza dzanja, "Muli bwanji, a Kalimbuka," n'kupitirira. Dzina lija la a Laibulale sanalitchulenso.

Thandizo linabwera. Amisiri anakhoma sola padenga, zitsulo m'mawindo, ndipo benchi langa analichotsa kuti pakhonde paziima mzere. Anabwera Mayi Namate, odziwa makompyuta, munthu wabwino ndi woleza mtima ndi okalamba. Tsiku lotsegulira anandiimiritsa, anthu anawomba m'manja. Ndinaona mtsikana wa ku Chigaru uja atanyamula mwana wake kutsogolo kwa kompyuta, akumuuza kuti, "Awo ndi adadi." Ndinathokoza Mulungu ndi mtima wonse. Mawa lake ndinakweza katundu wanga pa minibasi.

Kuno ku Chileka

Zaka zanga zomaliza ndinagwira m'kachipinda kowerengeramo pafupi ndi msika wa kuno, mpaka ndinapuma. Inu munali mutakula, wina ku Lilongwe, wina ku Zomba. Nyumba ndinaipeza monga ndinaisiyira, kungoti mbewa zinadya mphasa ya mayi anu. Ndege ikamatera ndinkasiya chimene ndikuchita kuimvera, ngati kuti ikubweretsa munthu wanga.

Za ku Lirangwe ndinkamva kwa Mayi Mbewe. Kalata yopepesa ija inabwerera, poti Saidi anali atachoka pa sitolo ija kalekale. Mayi Namate anamufufuza pafupifupi chaka, mpaka anamupeza kudzera kwa Amalawi opemphera mu mzikiti wina wa ku Durban. Akuti tsiku loyamba kuonana pa kompyuta, mkuluyo anavula kofiya nanena liwu lija loti ndinalakwa, anthu onse a pamzere akumva. Ine kunalibe.

Za imfa ya Che Jafali ndinamva patapita masiku atatu. Asilamu sagoneka maliro, amaika tsiku lomwelo, choncho ngakhale dothi sindinaponye. Ndinakhala pakhonde pano tsiku lonse osatsegula buku.

Patatha milungu iwiri, masana, kunagogoda bambo wina wa imvi zoyamba m'ndevu. Ndinamudziwa ndi maso ake, ofanana ndi a Che Jafali. Anati ndi Saidi. Anakana mpando, kenako anakhala. Anatulutsa pepala lotayipidwa, nati bambo ake anauza Mayi Namate kuti alembe sabata yomwe anamwalira, ndipo linapezeka m'thumba la mkanjo.

"Mayi Namate anandiuza kuti bambo anati ndikadzabweretsa, mudzawerenge mokweza ine ndili pomwepo."

Maso anafuna kuthamangira kutsogolo monga mwa chizolowezi chakale, koma ndinawaletsa. Ndinayamba pamwamba.

"A Laibulale, Saidi anabwera. Tinapita limodzi ku manda a mayi ake ku Chigaru. Ana ake awiri ndawaona atakula kale, ubwana wawo sindinauone, ndipo zimenezo sizibwerera. Makina anu akugwira ntchito, anthu akuyamika. Tiyi wa Lachisanu ndimamwa ndekha ndipo sakoma. Makapu anga awiri muli nawo. Imodzi mubweze. Inayo musunge. Jafali."

Saidi anali akuyang'ana pansi. "Ndi momwemo," anatero. "Ndinaiwerenga kale pa minibasi."

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga kapu imodzi, ndinaikulunga m'nyuzipepala, ndinamupatsa. Ndinamuperekeza mpaka pa siteji. Pokwera anandigwira dzanja ndi manja awiri, monga ankachitira bambo ake.

Mawu oti ndakukhululukirani mulibe m'kalatamo, ana anga. Ndaifufuza kambirimbiri, ndipo mtima wanga umafuna kuwaikamo. Sindidzawaikamo. Chikhululukiro cha Mulungu ndinachipempha ndipo ndikukhulupirira kuti ndinalandira, koma cha Che Jafali ndili ndi zokhazo zimene analemba. Kalatayo ili m'buku langa la nyimbo, pa chikuto chomwe chija. Kapu yachitsulo yotuwa imene ili pa shelefu ya pabalaza, imene Tiyanjane unafuna kutaya ulendo watha uja, musadzaitaye. Lachisanu masana ndimamweramo tiyi.